Aphunzitsi, miyala yamoyo imeneyi ndingaipeze kuti?

Sabata yatha titangomaliza phunziro la pressure, mnyamata wina wa Fomu 3 ananditsatira mpaka pakhomo la ofesi ya aphunzitsi. Anali ndi foni ya mayi ake m'thumba, zomwe malamulo a sukulu saloleza, koma tizisiye kaye zimenezo. Achimwene ake, amene amagwira ntchito yapakhomo ku Johannesburg, anatumiza kavidiyo ka thanki yagalasi imene ili pabalaza la abwana awo. M'thankimo munali kuwala kwa buluu, tinsomba tingapo, ndi zinthu zina zooneka ngati nthambi zouma, zina ngati bowa, zina ngati ubongo wa mbuzi, koma zobiriwira, zapinki ndi zofiira ngati wina wazipaka penti. Achimwenewo ankamveka akufotokoza monong'ona kuti abwana sagona tulo posaka mitundu yosowa ya zinthu zimenezi, ndipo kachidutswa kamodzi kosaposa chala chachikulu anakagula ndi ndalama zoposa malipiro awo a pamwezi.

"Aphunzitsi," anatero mnyamatayo, "miyala imeneyi ndingaipeze kuti? Ku Chilwa ilipo? Nditaiweta ine ndiye kulemeratu."

Ndinaseka, koma funsolo ndinapita nalo kunyumba. Mkati mwake muli pafupifupi theka la Fizikisi imene muzilemba pa MSCE, ndipo ngakhale likuyambira ku Joni, likuthera pa nyanja yathu yomwe ino.

Tiyambe ndi dzina. Chinthuchi chimatchedwa korali, akachuluka makorali. Alipo ofewa amene amawerama ndi madzi ngati udzu, ndipo alipo olimba amene amamanga chigoba cha mwala. Abwana aja akusaka olimbawo. Ngakhale amaoneka ngati mwala kapena chomera, korali ndi nyama. Mukayang'anitsitsa nthambi imodzi mupeza timabowo tambirimbiri, ndipo m'kabowo kalikonse mumakhala kanyama kofewa kotchedwa polyp, kooneka ngati kathumba kokhala ndi kamwa pamwamba ndi timanja tozungulira kamwalo. Kanyamaka kamatenga kashiamu ndi carbonate zosungunuka m'madzi a nyanja yamchere n'kumanga kachikho ka calcium carbonate kokhalamo. Calcium carbonate si chinthu chachilendo kwa inu. Ndi imene ili m'chigoba cha nkhono, m'chigoba cha dzira, ndi m'miyala imene amaotcha popanga laimu. Ponyani chigoba cha dzira mu viniga kapena m'madzi a mandimu, muona timathovu tikutuluka, chigobacho chikusungunuka pang'onopang'ono. N'chifukwa chake asayansi amada nkhawa kuti nyanja zamchere zikumwa mpweya wambiri wa carbon dioxide wochokera ku mafuta ndi malasha amene tikuotcha: mpweyawu umaonjezera asidi m'madzi, ndipo kumanga chigoba kumayamba kuvuta.

Chodabwitsa kwambiri chili m'thupi mwa kanyamaka. M'menemo mumakhala ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso, zotchedwa zooxanthellae. Ndere zimenezi zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito dzuwa monga amachitira masamba a chimanga, ndipo gawo lalikulu la chakudyacho limapita kwa mwininyumba. Tingoti korali ndi nyama imene ili ndi dimba m'thupi mwake. Dimba likasowa dzuwa, mwini wake agona ndi njala.

Tsopano tiyerekeze kuti mnzathuyu wapeza thanki ya malita 100. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho madzi okhawo ndi makilogalamu 100, matumba awiri a fetereza. Tebulo la pabalaza la kwanu liganizireni kaye. Madziwo ayenera kufanana ndi a nyanja yamchere, momwe lita iliyonse imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere. M'malita 100 ndiye makilogalamu atatu ndi theka. Wina anena kuti mchere ngwotchipa pamsika. Iyayi. Mchere wothira m'ndiwo ndi sodium chloride, pamene korali amafunanso kashiamu, magnesium ndi carbonate pa mlingo wake, ndipo amazichotsa m'madzi tsiku ndi tsiku pomanga chigoba. Mwini thanki amayenera kuyeza kawirikawiri ndi kubwezera zimene zatha.

Nanga amadziwa bwanji kuti mchere wakwana, poti sangamangolawa? Amayeza density. Madzi a pamjigo ali ndi density ya makilogalamu pafupifupi 1,000 pa cubic metre, pamene a nyanja yamchere ali pafupifupi 1,025. Kachipangizo koyandama kotchedwa hydrometer kamamira pang'ono m'madzi olemera, kwambiri m'madzi opepuka, ndipo munthu amangowerenga pamene madzi afika. Yesani ndi dzira laliwisi: m'madzi wamba limira, mukamathira mchere ndi kutakasa lifika poyandama. Dzira limafuna mchere wambiri kuposa wa m'nyanja kuti liyandame, koma mfundo yake ndi yomweyo. Funso lokola apa ndi ili: madzi a m'thanki akachepa chifukwa cha kutentha, muonjezeramo amchere kapena opanda mchere? Ambiri mumayankha kuti amchere. Koma chimene chauluka ndi madzi okha, mchere watsala momwemo, choncho obwezera ayenera kukhala opanda mchere. Zimenezi ndi zomwe zimachitika ku Chilwa. Nyanja ija ilibe mtsinje wotulutsa madzi, madzi amachoka pouluka basi, ndiye amakhala ndi kamchere kamene kamakula nyanja ikamaphwa. Komabe mcherewo ngwochepa kutalitali poyerekeza ndi wa nyanja yamchere, umasinthasintha ndi nyengo, ndipo madzi ake ngamatope. Ndiye yankho la funso loyamba lija n'lakuti ku Chilwa kulibe korali, ndipo sangakhaleko.

Kutentha ndiye nkhani imene ingamugwetse mnzathuyu msanga. Makorali omanga matanthwe amakula bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 23 ndi 29, ndipo oweta amayesetsa kusunga mathanki awo pa madigiri 25 kapena 26 usana ndi usiku. Mukudziwa kale kuti kutenthetsa kilogalamu imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna ma joule 4,200. Thanki yathu ya makilogalamu 100 ifuna ma joule 420,000 pa digiri iliyonse. Hita ya ma watt 100 imapereka ma joule 100 pa sekondi, ndiye ifunika masekondi 4,200, amene ndi mphindi 70, kuti ikweze digiri imodzi yokha, komanso apo tikuyerekeza kuti palibe kutentha kumene kukuthawira m'galasi. Ganizirani usiku wa mu Juni kuno kuphiri, chiperoni chili mkati, magetsi n'kuzima mpaka mawa. Mu Okutobala vuto limatembenuka, ndipo kuziziritsa madzi n'kodula kuposa kuwatenthetsa. Madzi akatentha ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene amakhalira m'mwezi wotentha kwambiri, n'kukhala choncho kwa masabata angapo, korali amathamangitsa ndere zake zija. Thupi limatsala loonekera mkati, chigoba choyera n'kumaonekera kunja ngati fupa. Sanafe, koma ali pa njala, ndipo kutenthako kukapitirira amafa ndithu. Mu 1998 zimenezi zinachitikira matanthwe ambiri a m'nyanja ya Indian, kuphatikizapo a ku Kenya, Tanzania, Seychelles ndi kumpoto kwa Mozambique. Zinachitikanso m'madera ambiri a dziko lapansi mu 2016 ndi mu 2024.

Kuwala kwa buluu kumene kunali m'kavidiyo kaja sikokongoletsa chabe. Mukukumbukira prism ija imene inagawa kuwala kwa dzuwa kukhala mitundu ya utawaleza? Madzi samwa mitundu imeneyi mofanana. Kufiira kumatha m'mamita ochepa oyambirira, moti malaya ofiira pansi pa mamita 10 amaoneka oderako, pamene buluu amalowa patali kuposa yonse. Ndere za korali zinazolowera kuwala kumeneko. Chinanso, makorali ambiri ali ndi mapuloteni amene amamwa kuwala kwa buluu n'kutulutsa kobiriwira, kwa olenji kapena kofiira. Chimenechi timachitcha fluorescence. Mutamutulutsa korali yemweyo n'kumuika padzuwa lamasana, kawirikawiri amangooneka wabulawuni, wosachititsa kaso kwenikweni. Pa ndalama zimene abwana aja amalipira, gawo lina akulipirira babu.

Tiyeni tsopano tiwasake. Kuchokera kuno ku Nkhulambe, nyanja yamchere yapafupi ili ku Mozambique: kudutsa pa Muloza, kulowa Milange, kupitirira Mocuba mpaka Quelimane, kufupi ndi kumene Freddy anatulukira kumtunda mu Malichi 2023 asanatipeze kuno. Koma mukafika ku Quelimane matanthwe a korali simuwapeza. Gombe lonse la pakati pa dziko la Mozambique ndi lamatope, chifukwa mitsinje ikuluikulu imathira kumeneko, waukulu kwambiri ndi Zambezi. Ena mwa matopewo ndi athu. Mtsinje wa Ruo umayambira pa phiri la Mulanje, umakathira mu Shire pa Chiromo, Shire n'kukathira mu Zambezi. Dothi limene limakokoloka m'mapiri opanda mitengo limatchinga dzuwa m'madzi, limakwirira tinyama tija, ndipo madzi a mitsinje amasungunula mchere. Kuti muone makorali muyenera kupita ku zilumba za Primeiras ndi Segundas, zimene zili patali ndi gombe pakati pa Pebane ndi Angoche ndipo zinakhala malo otetezedwa mu 2012, kapena kumpoto ku zilumba za Quirimbas, kapena kummwera ku Bazaruto.

Ngakhale mutafikako, simungangothyola n'kuika m'chikwama. Makorali onse olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, limene limayang'anira malonda a zamoyo zam'tchire pakati pa mayiko, ndipo Malawi ali nawo m'panganoli. Kuwolotsa malire korali wamoyo, ngakhale chigoba chake chouma, kumafuna chilolezo. Ambiri amene amagulitsidwa m'masitolo amachokera ku Indonesia ndi ku Australia. Indonesia inaimitsa kutumiza makorali kunja mu 2018 mpaka kumayambiriro kwa 2020, ndipo ogula anatembenukira kwambiri ku Australia. Kumeneko kuli mtundu wina wotchedwa Homophyllia australis, umene amalonda amangouti scoly. Ndi kanyama kamodzi kokha kozungulira, kongokwana pachikhatho, ndipo kakakhala ndi mitundu yachilendo kamagulidwa madola mazanamazana. Vuto ndi liwiro la kakulidwe. Makorali anthambi amatha kutalika masentimita 10 pachaka, koma obulungira ngati chulu amangoonjezera pafupifupi sentimita imodzi. Korali wobulungira wotalika mita imodzi ndiye kuti ngwamkulu kuposa agogo anu. Munthu amatha kumuchotsa m'mphindi zisanu.

Pofika apa mwina mwayamba kuona ngati iyi ndi nkhani ya anthu olemera ndi nyanja zakutali. Koma mnyamata uja anandiuzanso china. Achimwene ake atatumidwa kukagula chakudya cha nsomba, anapeza m'sitolomo mzere wonse wa mathanki olembedwa kuti Malawis, muli tinsomba ta buluu, tachikasu ndi tamizeremizere. Anajambula chifukwa anaona dzina la kwawo. Nsomba zimenezo ndi zathu, ndipo kwa anthu oweta nsomba za m'madzi opanda mchere, nyanja ya Malawi ili ngati mmene matanthwe a ku Indonesia alili kwa abwana aja.

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya pamtunda padziko lonse. Yambiri ndi ya banja lotchedwa cichlid, momwe muli chambo, utaka, ngakhalenso makumba a ku Chilwa amene mumadya. Mitundu ya banja limeneli m'nyanjayi imaposa 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Zokongola kwambiri ndi mbuna. Dzinali ndi la Chitonga cha ku Nkhata Bay, ndipo ndi tinsomba timene timakhala m'miyala, tikumapala ndere zomera pamiyalapo. Mbuna ndi chifukwa chachikulu chimene boma linakhazikitsira Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Kutumiza nsombazi kunja zamoyo kunayamba m'zaka za m'ma 1960. Amene anatchuka kwambiri pa ntchitoyi ndi Stuart Grant, amene kuyambira m'ma 1970 ankasonkhanitsa nsomba ku Salima, ndipo malo ake anali pa Kambiri Point kufupi ndi Senga Bay, mpaka pamene anamwalira mu 2007. Nsomba ina, Aulonocara stuartgranti, inatchedwa dzina lake.

Chimene chimapangitsa mbuna kukhala zosowa n'chosavuta kumva. Mbuna sichoka pamiyala. Kuwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya opanda pobisala ndi kudzipereka kwa nsomba zolusa. Komanso mayi amafungatira mazira m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu, osadya, kenaka n'kulavula ana pamiyala yomweyo imene iye anabadwira. Ana a korali amatengedwa ndi madzi n'kukamera kutali, koma ana a mbuna sapita kulikonse. Pakapita zaka zikwizikwi, mulu uliwonse wa miyala umakhala ndi mitundu yakeyake. Inu a kuno mukudziwa za mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo umene mwachilengedwe sumera pa phiri lina lililonse padziko, ndipo mukudziwa chimene chinauchitikira anthu atadziwa mtengo wa matabwa ake. M'nyanja muli mikungudza yotereyi yambirimbiri, kungoti ili ndi zipsepse.

Chitsanzo chimene chimandikhudza ndi kansomba kotchedwa saulosi. Kamapezeka pamalo amodzi okha, pa Taiwanee Reef, miyala ya pansi pa madzi kufupi ndi chilumba cha Chizumulu, imene sionekera n'komwe pamwamba. Katswiri wa ku Netherlands, Ad Konings, anakalemba m'mabuku a sayansi mu 1990, ndipo anakatcha Pseudotropheus saulosi polemekeza Saulos Mwale, Mmalawi wogwira ntchito yomira m'madzi amene anakatulukira. Kuyambira 2016 kamatchedwa Chindongo saulosi. Aliyense padziko amene amatchula kansombaka, kaya ku Germany kaya ku Japan, amatchula dzina la Mmalawi, ngakhale ambiri sadziwa. Sikafika masentimita 10 kutalika. Yaimuna ndi ya buluu yamizere yakuda, yaikazi ndi ana ndi zachikasu chopita ku olenji, choncho wogula amapeza maonekedwe awiri pa mtundu umodzi. Anthu anakakonda, ogwira anapita mobwerezabwereza pamiyala yomweyo, ndipo popeza kamaikira mazira ochepa, osati mazanamazana ngati makumba, sikanathe kubwezera. Magulu akuluakulu amene omira ankawaona kale anasanduka tinsomba towerengeka. Lero bungwe la IUCN limakaika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo chifukwa chachikulu chimene limatchula si chilala kapena usodzi wa ndiwo, koma kugwira kogulitsa kwa oweta.

Chopweteka n'chakuti saulosi imaswana mosavuta m'thanki. Ku Ulaya ndi ku America ilipo yambiri, yobadwira komweko. Koma pali ogula ena amene amalipira zambiri akamva kuti nsombayo yachokera m'nyanja mwenimweni, ngati mmene ena amanyadira nsapato kuti ndi yorijino. M'zaka za m'ma 2010 anthu okonda nsombazi anayamba kuswetsa saulosi m'maiwe pa Kambiri Point n'kumazinyamula pa boti kukazibwezera pa Taiwanee Reef. Ndi ntchito yabwino, koma taonani mtunda wake: kuchokera ku Salima mpaka kufupi ndi Chizumulu, kukabweza chimene chinali pomwepo kale.

Kagwiridwe ka nsomba zimenezi ndi phunziro lathu la sabata yatha lenileni. Pressure ya madzi ndi kuya kuchulukitsa ndi density kuchulukitsa ndi g. Pa mamita 10 ndiye 10 × 1,000 × 10, ma pascal 100,000, amene ndi pafupifupi atmosphere imodzi. Kuphatikiza ndi mpweya umene uli pamwamba pa nyanja, nsomba ya pa mamita 10 ili pa ma atmosphere awiri, ya pa mamita 20 ili pa atatu. M'mimba mwa nsomba muli kathumba ka mpweya kamene kamaithandiza kuyandama pamene ikufuna, kaja mumakaona mukamatumbula. Lamulo la Boyle likuti pressure ikatsika, volume ya mpweya imakwera mofanana. Mukaikoka nsomba ija mwachangu kuchokera pa mamita 20 kufika pamwamba, pressure yatsika kuchoka pa atatu kufika pa imodzi, ndiye kathumbako kayesa kufufuma katatu. Nsomba za banja la cichlid zilibe kanjira kogeyera mpweyawo, umachoka pang'onopang'ono kudzera m'magazi. Ndiye imafika pamwamba mimba ili tuu, maso atatong'oka, itagadama. Asodzi a nyanja yaikulu amazidziwa bwino zimenezi. Kwa nsomba yandiwo zilibe kanthu, koma kwa nsomba yofunika kukafika yamoyo ku Frankfurt ndiye kuti ntchito yonse yapita m'madzi. Choncho omira amaika nsomba za kuya mu mgolo womangirira chingwe, n'kumaukweza mamita ochepa patsiku, nthawi zina kwa masiku angapo. Lamulo lomwelo limamugwira womirayo. Akapuma mpweya pansi n'kukwera atautsekera m'chifuwa, mapapo ake angaphulike.

Zikafika kumtunda, nsomba zimapakiridwa m'matumba apulasitiki, madzi pang'ono, okosijeni wambiri pamwamba, kenaka m'mabokosi osunga kutentha n'kukwera ndege. Poyamba ndinkadabwa kuti bwanji osadzaza madzi, nsomba si imakhala m'madzi? Koma lita imodzi ya madzi pa madigiri 25 imasunga mamiligalamu pafupifupi 8 okha a okosijeni, pamene lita imodzi ya mpweya wamba ili ndi okosijeni wochuluka kuposa pamenepo maulendo oposa 30. Thumba lodzaza madzi ndi limene limapha nsomba msanga. Ndipo madzi akamatentha amasunga okosijeni wocheperachepera, n'chifukwa chake nsomba za m'chidebe chimene chaiwalika padzuwa zimayamba kuyasamula pamwamba.

Pali ngozi inanso imene sikamba za kuchotsa, koma kuthira. M'zaka za m'ma 1960 nsomba zogwidwa kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pa chilumba cha Thumbi West, pafupi ndi Cape Maclear. Zina zinakhazikika, ndipo imodzi mwa izo, Cynotilapia afra, inayamba kuswana ndi mbuna ya pomwepo yotchedwa Metriaclima zebra. Mitundu imene mchenga ndi madzi akuya anailekanitsa kwa zaka zikwizikwi inasakanizidwa ndi ndowa. Zoterezi sizibwezeka. Ndiye mukadzaweta nsomba n'kutopa nayo, musadzaitaye mumtsinje kapena m'damu limene sinachokere.

Kodi ndiye kuti kuweta nsomba zokongola n'kulakwa? Ine sindikuona choncho. Pali mbuna ina yachikasu chowala, Labidochromis caeruleus, imene maonekedwe ake achikasuwo amapezeka pa kagawo kochepa ka gombe cha ku Lion's Cove, kumpoto kwa Nkhata Bay. M'zaka za m'ma 1980 nsomba zochepa chabe zinaswetsedwa m'maiwe ku Burundi, ndipo lero ndi imodzi mwa mbuna zogulitsidwa kwambiri padziko, pafupifupi zonse zobadwira m'mathanki. Za ku Lion's Cove zikupuma. Oweta makorali nawonso aphunzira zomwezo. Amadula kanthambi, kukamata pa kachidutswa ka simenti, kanthambiko n'kukula kukhala korali wathunthu, monga timachitira ndi chinangwa kapena mbatata. Ku Bali kuli minda ya makorali ya pansi pa nyanja imene imagwira ntchito imeneyi. Mitundu yanthambi imalola msanga, pamene ya kanyama kamodzi ngati scoly uja imavuta, ndipo ndi imene imathyoledwabe kwambiri m'nyanja.

Chimene chimandiwawa ine n'china. Nsomba zolembedwa kuti Malawis zimene achimwene aja anajambula, n'kutheka kuti palibe ndi imodzi yomwe imene inaonapo Malawi. Zambiri zimaswetsedwa ku Florida, ku Southeast Asia ndi ku Ulaya. Dzina ndi lathu, mbewu ndi yathu, koma ndalama zimatsalira kwa amene anaphunzira kuyeza kutentha, okosijeni ndi asidi wa madzi, n'kumalemba m'kope tsiku ndi tsiku. Kumira n'kugwira nsomba yosowa kumalipira kamodzi. Luso loiswetsa ndi limene limalipira chaka ndi chaka, ndipo luso limenelo ndi Fizikisi, Kemisitiri ndi Bayoloje zimene ena mwa inu mumathawa Lachisanu masana.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti za korali aiwale kaye, koma thanki asaiwale. Ayambe ndi ndowa ya malita 20, mchenga wotsuka, timiyala, ndi matemba atatu kapena anayi a m'dambo lapafupi. Ndam'bwereka thermometer ya mu labu kuti aziyeza madziwo m'mawa, masana ndi madzulo kwa masabata awiri, pambali pake aike kapu ya madzi aziyezanso, tidzaone kuti chimene chikusinthasintha kwambiri n'chiti ndipo chifukwa chiyani. Akasunga matembawo amoyo mwezi wathunthu, tidzakambirana za makumba, amene amafungatira ana m'kamwa ngati mbuna. Ndamutumanso kuti achimwene ake akafunse m'sitolo muja ngati ma Malawis awo ali obadwira m'thanki kapena ogwidwa kunyanja.

Enanu ntchito yanu ndi yoyeza matope, poti ndi mdani wa korali ndi mbuna yemwe: akakuta miyala ndere sizimera, ndipo mbuna zimasowa chopala. Tengani chivindikiro choyera cha ndowa, muboole pakati, mulowetse chingwe, mumange mwala kunsi kwake kuti chimire chopingasa, ndipo pachingwepo mumange mfundo pa masentimita 10 aliwonse. Chipangizochi chimatchedwa Secchi disc, potengera Angelo Secchi amene anachigwiritsa ntchito m'nyanja ya Mediterranean mu 1865. Chitsitseni pang'onopang'ono m'dziwe kapena m'damu mpaka chisiye kuoneka, muwerenge mfundo zimene zamira. Pakati pa nyanja ya Malawi chimatha kuonekabe kupitirira mamita 10, pamene ku Chilwa chimasowa mkono usanalowe mpaka m'chigongono. Yezani malo amodzi mvula isanagwe, mudzayezenso tsiku lotsatira mvula, mulembe zonse ziwiri. Muzipita awiriawiri, pamadzi odekha okha. Za mtsinje wodzaza anthu a ku Nkhulambe sitifunika kukumbutsana.

Ndipo powerengera, yesani izi. Nsomba yagwidwa pa mamita 30, kathumba kake ka mpweya kali ndi volume ya ma cubic centimetre awiri. Kadzakhala kotani ikafika pamwamba mwadzidzidzi, ndipo womira akaukweza mgolo kuchoka pa mamita 30 kufika pa 20, kenaka tsiku lina kuchoka pa 10 kufika pamwamba, ndi ulendo uti mwa iwiriyi umene uli woopsa kwambiri kwa nsombayo? Mamita ndi 10 konsekonse, koma musathamangire kuyankha. Makope ndiwafuna Lachisanu.